Malasha osakaniza ndi zotsalira za kumgodi ndi zitsononkho: n'chifukwa chiyani nthunzi ikutsika?

Woyang'anira boila, Lilongwe:

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru pa vuto limene latisautsa kwa milungu itatu tsopano. Ndimayang'anira boila, ng'anjo yowiritsa madzi kuti apange nthunzi, pa fakitale ina yaing'ono yoyenga mafuta ophikira. Boila yathu ndi yachikale, yoponyera malasha ndi fosholo pa zitsulo zosayenda, ndipo mpweya umalowera kunsi kwa zitsulozo. Kwa zaka zambiri takhala tikusonkhera malasha a mibulu yapakatikati ochokera kumpoto, ndipo nthunzi inkakhazikika pa 8 bar (muyezo wa mphamvu ya nthunzi) popanda kulimbana nayo.

Chaka chino mtengo utakwera, wogulitsa wina anatibweretsera katundu amene anati ndi malasha otsala pa mulu wa kumgodi, pa mtengo wongokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa malasha abwino. Powayang'ana ndi akuda ndithu, koma muli fumbi lambiri, muli timiyala totuwa tathyathyathya, ndipo tina tili ndi timadontho towala ngati golide. Abwana analamula kuti tizisakaniza theka ndi theka, ndipo kuti moto uzigwira msanga tinayamba kuthiramo zitsononkho ndi mankhusu a mpunga, wilibala imodzi pa mawilibala atatu alionse a malasha.

Chimene chikuchitika n'chakuti tikangoponya, moto umalilima ndithu ndipo pachumuni pamatuluka utsi wakuda, koma pasanathe mphindi zingapo lawi limafota, nthunzi n'kutsika mpaka 5 bar. Anyamata akamakolezera amapeza zibuma zolimba ngati mwala zitamatirira pa zitsulo, moti amachita kuziswa ndi mgwala. M'phulusa timapezamo mibulu imene kunja ndi yoyera koma ukaiswa m'kati mwake ndi yakuda bii. Fungo lake limatsamwitsa, ndipo phulusa lachuluka moti mnyamata mmodzi tsopano ntchito yake ndi yongolitaya. Funso langa n'lakuti, kodi cholakwika ndi muyezo wa kasakanizidwe kathu, kapena zinthu zitatuzi siziyenera kukumana pamoto umodzi n'komwe? Ngati pali muyezo umene ungagwire ntchito, ndingaupeze bwanji popanda kuwononga boila ya eni ake?

Mphunzitsi wa kemisitiri, Zomba:

Zikomo bambo chifukwa chofotokoza mwatsatanetsatane, pakuti zonse zimene mwaonazo zikugwirizana ndi mmene zinthu zitatuzi zimapsera. Chilichonse chimene timasonkha pamoto chili ndi zigawo zinayi: madzi, zinthu zimene zimatuluka ngati mpweya chikatenthedwa n'kuyaka ngati lawi, kaboni wotsala amene amanyeka pang'onopang'ono ngati khala, ndiponso phulusa limene silipsa. M'zitsononkho zouma, magawo 75 mpaka 80 pa 100 alionse ndi zouluka zija, ndipo zimayamba kutuluka kutentha kukangofika pa madigiri 200 mpaka 250. M'malasha abwino zouluka zimakhala pakati pa magawo 20 ndi 35 okha, ndipo malashawo amayamba kuyaka kutentha kukafika cha m'ma 350 mpaka 450. Timiyala totuwato ndi dongo lakale louma lokhala ndi kaboni pang'ono m'kati mwake, ndipo timachedwa kwambiri kuposa zonse. M'labotale, akatenthetsa tizigawo tochepa ta zosakaniza zotere pa sikelo yapadera, kutentha n'kumakwera madigiri 10 kapena 20 pa mphindi, kulemera kumagwa kawiri: koyamba zomera zikamapsa, kenako patapita kanthawi malasha akamapsa. Zimenezi ndi zomwe inu mukuziona ndi maso pakhomo la boila. Kulilima koyambako ndi moto wa mapesi weniweni, ndipo ukatha malasha osakanikirana ndi miyala aja amakhala asanagwire bwino.

Utsi wakudawo uli ndi chifukwa chake. Zouluka zikatuluka zambiri nthawi imodzi zimafuna mpweya pamwamba pa moto, pamene boila yanu imalowetsa mpweya kunsi kokha, ndiye zimathawira kuchumuni zisanapse. Utsi umenewo ndi moto umene mwagula koma simunaugwiritse ntchito. Mibulu yoyera kunja yakuda m'kati nayonso ndi ndalama yotayika, chifukwa kunja kukapsa phulusa silichoka, limasanduka chikhungwa chimene chimatchinga mpweya kuti usafike pa kaboni wa m'kati, ndipo phulusa likachuluka chikhungwacho chimakula msanga.

Tsopano tiwerengere, chifukwa apa ndi pamene abwana anu angamve. Tiyerekeze kuti malasha anu abwino amapereka 26 MJ (muyezo wa kuchuluka kwa kutentha) pa kilogalamu ndipo phulusa lake ndi magawo 18 pa 100, pamene zotsalirazo zimapereka 10 MJ ndipo phulusa lake ndi magawo 60. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma sali kutali ndi zimene zimapezeka pa zinthu zoterezi. Mukasakaniza theka ndi theka mumapeza 18 MJ pa kilogalamu ndi phulusa la magawo 39. Kuti mupeze kutentha kumene kilogalamu imodzi ya malasha abwino inkapereka, mufunika makilogalamu 1.44 a zosakanizazo, ndipo phulusa limene lingatuluke ndi magalamu 560 m'malo mwa magalamu 180, kutanthauza kuti lawirikiza katatu. Ngati tani ya malasha abwino ikugulidwa pa 3 ndipo tani ya zotsalira pa 1, tani ya zosakaniza ndi 2, koma popeza mufunika matani 1.44, mwalipira 2.88 m'malo mwa 3. Phindu lonse ndi magawo 4 okha pa 100, musanawerengere lole imene imalipiritsa tani ya miyala mofanana ndi tani ya malasha, musanawerengere kaboni wotayika m'phulusa, ndiponso musanawerengere mnyamata wotaya phulusa uja.

Pali cholakwika china pa kuyeza ndi wilibala. Mankhusu a mpunga ndi opepuka kwambiri, moti malo amene mumalowa makilogalamu 800 a malasha mumangolowa makilogalamu 100 mpaka 120 a mankhusu, ndipo kilogalamu ya mankhusu imapereka pafupifupi theka la kutentha kwa malasha abwino. Choncho wilibala ya mankhusu siikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10 a kutentha kwa wilibala ya malasha. Yezani ndi sikelo.

Za zibuma zomatirirazo, zimene amisiri amati clinker, ndi pamene masamu a theka ndi theka sagwira ntchito. Kutentha kwa zosakaniza mungakupeze mwa kuwonkhetsa ndi kugawa monga ndachitira pamwambapa, koma kusungunuka kwa phulusa sikutero. Dongo la m'timiyala tija palokha limapirira moto kwambiri, ndipo phulusa la mankhusu a mpunga, limene pafupifupi lonse ndi silika, chinthu chimene chimapanga mchenga, nalonso silisungunuka msanga. Koma phulusa la zitsononkho lili ndi potaziyamu wambiri. Amayi amene amatcheza chidulo kuchokera ku phulusa la zitsononkho kapena makoko a mtedza kuti aphikire therere amakhala akutulutsa potaziyamu yemweyo. Potaziyamu akakumana ndi silika pamoto amapanga chinthu chonanda ngati galasi losungunuka pa kutentha kosafika madigiri 1,000, pamene pakati pa moto wa malasha pamaposa pamenepo. Timadontho towala ngati golideto ndi pyrite, amene ndi chitsulo chophatikana ndi sulufule, ndipo chitsulo chimenecho chimatsitsanso kutentha kosungunukira phulusa, makamaka pamene mpweya ukuperewera. Ndiye inu mwaika pamodzi silika wa mankhusu, potaziyamu wa zitsononkho ndi chitsulo cha pyrite, pamoto umene fumbi latseka mpweya wake. Chikanandidabwitsa n'chakuti zibumazo zisapangike.

Wosonkha moto wopuma ntchito, Blantyre:

Aphunzitsi afotokoza bwino, ndipo sindikutsutsa masamu awo, koma ine amene ndinagwira fosholo kwa zaka 26 ndikuona kuti mdani woyamba pa boila yanu, achimwene, ndi fumbi, ndipo miyala ikubwera pambuyo. Moto wa pa zitsulo umakhala ndi moyo chifukwa cha mipata ya pakati pa mibulu. Mukathira fumbi, limalowa m'mipatamo n'kuitseka, ndipo mpweya umasaka pofooka n'kuboola bowo limodzi kapena awiri. Pabowopo moto umayera mbee n'kusungunula phulusa, pamene kwina konse kumangofuka utsi. Mukadzatsegula chitseko mudzayang'ane bwino, mudzaona malo owala kwambiri pakati pa malo akuda, ndipo mukadzazimitsa mudzapeza kuti zibuma zazikulu zili pamene panali powala paja.

Choyamba n'chakuti musefe katunduyo ndi sefa ya mabowo a mamilimita 6, fumbi liikidwe padera. Zotsala pa sefa anyamata azitole ndi manja. Mwala wa pamgodi sumavuta kuuzindikira ukauzolowera, chifukwa umalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi khala la malasha la msinkhu womwewo, umasweka m'mapale athyathyathya, ndipo ukaukanda ndi msomali umasiya mzere wotuwa, pamene malasha amasiya wakuda. Mukatola wilibala imodzi yokha n'kuyeza milu itatuyo pa sikelo, mudzadziwa chimene munagula kuposa mmene wogulitsayo anakuuzirani.

Kaponyedwe nakonso kasinthe. Anyamata ambiri nthunzi ikatsika amachita mantha n'kuponya mafosholo ambiri nthawi imodzi, ndipo akatero amaupha moto. Malasha a phulusa lambiri amafuna kuponya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo mulu wa pa zitsulo usapose masentimita 10 mpaka 15. Zitsononkho musazisakanize ndi malasha pansi ayi. Muziziponya pazokha pafupi ndi chitseko, tizenera ta pachitseko tili totsegula pang'ono, kuti utsi wake uzidutsa pamwamba pa makala ofiira a kumbuyo n'kupsa usanafike kuchumuni. Ndiponso mgwala musamaugwiritse ntchito potembenuza moto, chifukwa mukatembenuza mumakweza phulusa la pansi n'kuliika pakati pa moto pamene pali potentha kwambiri, ndipo mumakhala mukudzipangira nokha zibuma. Mgwala uzilowa chogona pansi pa makala n'kumangosefa phulusa kuti ligwe.

Ndiwonjezere za mulu umene mwasunga panjawo, chifukwa zimenezi zinandichitikira. Pa fakitale ina imene ndinagwirako tinaunjika katundu wotereyu motsamira khoma, mulu wautali kuposa munthu, mvula n'kugwa masiku awiri kenako dzuwa n'kuswa mtengo. Patapita milungu ingapo mlonda anandiuza kuti m'mamawa pamuluwo pamatuluka nthunzi, ine n'kumuyankha kuti ndi mame. Titadzafukula tinapeza m'kati muli mofiira, popanda munthu woyatsa. Malasha amayamwa mpweya pang'onopang'ono ngakhale ali pamulu ndipo amatulutsa kutentha, pyrite akanyowa amawonjezera, ndipo mulu ukakhala waukulu kutenthako kumasowa kothawira. Muzizika chitsulo chachitali m'muluwo m'mawa uliwonse, ndipo ngati pochizula chikukanika kugwirika ndi dzanja, mwazani muluwo tsiku lomwelo. Zitsononkho ndi mankhusu zikhale kutali ndi mulu wa malasha.

Woyang'anira boila, Lilongwe:

Ndathokoza kwambiri nonse awiri. Masamuwo ndawalemba pa pepala kuti ndikawaonetse abwana, ndipo za malo owala pakati pa malo akuda ndaziona ndithu lero m'mawa, monga mmene bambo a ku Blantyre anenera. Ndili ndi mafunso ena awiri. Mnzanga wina wandiuza kuti kuthira laimu m'malasha kumapha fungo la sulufule, ndiponso kuti ku Zambia kuli malo opangira magetsi amene amasonkhera zotsalira zoterezi popanda vuto. Ngati iwo akutha, n'chifukwa chiyani ife tikulephera? Funso lachiwiri n'lakuti anyamata anga ayamba kupempha fumbi losefedwalo kuti akaliumbe ndi dongo azikaphikira kunyumba, popeza makala akwera mtengo. Kodi ndiwalole?

Injiniya wa zamagetsi, Lusaka:

Mnzanuyo akunena za Maamba, m'boma la Sinazongwe kummwera kwa dziko lathu, ndipo sananame. Pamgodi umenewu panali milu ya malasha otsika imene inaunjikana kwa zaka zambiri chifukwa inalibe msika, ndipo ina inkayaka yokha n'kumafukiza utsi m'dera lonselo. Mu 2016 anayamba kupanga magetsi pamalopo ndi makina awiri a 150 MW (muyezo wa mphamvu ya magetsi), onse pamodzi 300 MW, ndipo chimene amasonkhera ndi malasha otsikawo. Koma chinsinsi chake chili m'ng'anjo, osati m'kasakanizidwe. Ng'anjo za kumeneko zilibe zitsulo zogonekapo malasha monga yanu. Malasha amaphwanyidwa kukhala timibulu ting'onoting'ono n'kuponyedwa mu phulusa lotentha lochuluka limene mpweya wamphamvu wochokera pansi umalitakasa mosalekeza, moti limaoneka ngati phala limene likubwata. Malasha atsopano amakhala gawo lochepa zedi la zonse zimene zikubwatazo, choncho kachidutswa kalikonse kamazingidwa ndi phulusa lofiira ndipo kamayaka ngakhale kali ndi kaboni wochepa. Kukhulana kwa timibuluto kumasupula chikhungwa chimene aphunzitsi anena chija, ndipo tizidutswa timene tauluka tisanapse timagwidwa n'kubwezedwa m'ng'anjo kambirimbiri. Kutentha amakusunga cha m'ma madigiri 850, pansi pa pamene phulusa lambiri limasungunukira. Ng'anjo za mtundu womwewu ndi zimene akugwiritsa ntchito ku Pennsylvania m'dziko la America pomaliza milu yakale ya m'migodi, ndiponso ku China.

Laimu amagwira ntchito bwino m'ng'anjo zoterezi chifukwa cha kutentha komweko. Pakati pa madigiri 800 ndi 900 miyala ya laimu yopera imapsa n'kukhala ndi timabowo tambirimbiri, ndipo imayamwa mpweya wa sulufule n'kuusandutsa chinthu cholimba chimene chimatuluka limodzi ndi phulusa. Pa zitsulo za boila yanu pakati pa moto pamatentha kuposa pamenepo, laimu sakhudzana mokwanira ndi utsi, ndipo zimene wagwira amatha kuzitayanso. Mungachepetse fungo pang'ono, koma muwonjezera phulusa, ndipo laimu akakumana ndi dongo ndi chitsulo angathe kufewetsanso phulusa n'kukulitsa vuto la zibuma. Njira yabwino kwa inu ndi kuchotsa timiyala towala tija tisanalowe pamoto. Kumbukirani kuti kilogalamu imodzi ya sulufule ikapsa imabala makilogalamu awiri a mpweya wotsamwitsa uja, choncho tani ya malasha okhala ndi magawo 2 pa 100 a sulufule ingatulutse makilogalamu ofika 40. Utsi umenewu ukazizira kufika cha m'ma madigiri 120 mpaka 150 umasiya asidi pa zitsulo, ndipo n'chifukwa chake chumuni chimayamba kudyeka chakumwamba kumene kuli kozizira.

Pali chinthu china chimene muyenera kumufunsa wogulitsayo, chifukwa mawu akuti zotsalira amabisa zinthu zitatu zosiyana. Pali fumbi la malasha abwino, limene amalonda amati duff, ndipo kutentha kwake sikusiyana kwambiri ndi kwa mibulu, vuto lake ndi kuchepa msinkhu basi. Pali malasha apakati amene amatsala pamene migodi ikuluikulu, monga ya ku Moatize m'chigawo cha Tete, ikutsuka malasha ake pofuna kupatula abwino kwambiri, ndipo amenewa amapsa ndithu ngakhale phulusa lake ndi lochulukirapo. Ndiye pali miyala yeniyeni ya pamwamba ndi pansi pa mzere wa malasha, imene imatayidwa pa mulu. Malinga ndi mmene mwafotokozera, inu munagulitsidwa fumbi losakanikirana ndi gulu lachitatuli.

Mphunzitsi wa kemisitiri, Zomba:

Pa funso la anyamata anu, yankho langa ndi lakuti musawalole, ndipo pamenepa sindikufuna kuzengereza. Zoipa zambiri za m'malasha, monga sulufule, arsenic ndi fluoride, zimakonda kukhala m'miyala ndi m'dongo, ndiye zimachuluka m'zotsalira kuposa m'malasha osankhidwa. Pa fakitale utsi umakwera chumuni, koma pa mbaula umapita m'mphuno mwa mayi amene akuphika ndi mwana amene ali kumsana. M'chigawo cha Guizhou ku China anthu akumidzi ankaumba fumbi la malasha ndi dongo n'kumaphikira m'nyumba zopanda chumuni, ndiponso ankayanika chimanga ndi tsabola pamwamba pa motowo. Chakudyacho chinkayamwa utsi, ndipo anthu mamiliyoni anadwala matenda a fluoride amene amathimbiriritsa mano ndi kupinda mafupa, ena masauzande n'kudwala ndi arsenic. Akatswiri anapeza kuti fluoride wambiri ankachokera m'dongo loumbiralo. Katundu amene sanayezedwe sayenera kulowa m'khitchini ya munthu. Kuwonjezera apo, chinthu chimene chimanyeka movutikira chimatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo uja, umene tonse tikudziwa kuti umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'miyezi ya June ndi July.

Kuti mupeze muyezo woyenera pa boila, yezetsani kaye katunduyo. Musatape pamwamba pa mulu pokha, chifukwa mibulu ikuluikulu imagubudukira m'mphepete ndipo fumbi limatsala pakati. Tapani fosholo imodziimodzi m'malo osachepera 20, m'mbali, pamwamba ndi m'kati, muphwanye, musakanize, mugawe panayi, mutaye magawo awiri oyang'anizana, ndipo mubwereze mpaka patatsala makilogalamu awiri kapena atatu. Mupemphe kuti akuyezereni madzi, zouluka, phulusa, sulufule ndi kuchuluka kwa kutentha. A Geological Survey kuno ku Zomba angakulozereni koyezetsa. Zotsatira zikabwera, muyambe ndi gawo limodzi la zotsala pa sefa zotoledwa bwino pa magawo 9 a malasha abwino, poyeza ndi sikelo, musonkhe tsiku lathunthu, mulembe makilogalamu olowa, makilogalamu a phulusa ndi mmene nthunzi yakhalira ola lililonse, kenako mukweze pang'ono tsiku lotsatira. Pamene nthunzi iyambe kugwedezeka, bwererani pa muyezo wa dzulo lake. Ndikugwirizana ndi bambo a ku Blantyre kuti fumbi ndi limene likutseka mpweya, koma ndisiyana nawo pang'ono pa zitsononkho. Ine ndingakonde kuti muzisiye kaye kotheratu pa masiku oyesawa, chifukwa mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Woumba njerwa, Salima:

Ndawerenga zonse ndipo ndaona kuti palibe amene wanena kumene fumbi losefedwalo lingapite, pamene kwa ife oumba njerwa limenelo ndi chuma. Chimene chili chilema pa boila, chakuti phulusa ndi lambiri ndipo ndi dongo, kwa ife si chilema, chifukwa njerwa ndi dongo kale. Timapera zotsalirazo kuti zisalale, timasakaniza ndi dothi loumbira tisanaponde, ndipo njerwa ikalowa mu uvuni imadziwotcha yokha kuchokera m'kati, phulusa n'kukhala gawo la njerwayo. Uvuni wabwino wosataya moto umafuna pafupifupi 1 MJ pa kilogalamu ya njerwa, pamene mauvuni athu ongounjika aja amadya kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Potengera manambala a aphunzitsi, ngati zotsalirazo zili ndi 10 MJ pa kilogalamu, kuthira gawo limodzi pa magawo 10 a dothi kumapereka kale pafupifupi moto wonse umene uvuni wabwino ukufuna, ngakhale kuti ife sitifika pamenepo, timathira zocheperapo n'kuwonjezera moto wakunja kuti tizitha kuuwongolera.

Komabe nafenso tili ndi malire athu. Mukathira zambiri, kapena mukakweza moto mofulumira, kunja kwa njerwa kumatsekeka kaboni wa m'kati asanapse, ndipo mukaiswa mumapeza mtima wakuda, nthawi zina njerwayo itafufuma ngati mkate. Ndi vuto lomwe lija la mibulu yoyera kunja yakuda m'kati, langosintha malo. Timiyala towala ngati golide nafenso timatitola, chifukwa timasiya timabowo ta dzimbiri pa njerwa, ndipo sulufule wake amadzatuluka ngati mchere woyera pakhoma mvula ikagwa. Ngati zoyezetsa zanu zionetse kuti sulufule ndi wochepa, funsani oumba njerwa a m'dera lanu amene ali ndi uvuni wa chumuni, ndipo mudzapeza wogula.

Woyang'anira boila, Lilongwe:

Ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Tinasefa ndi kutola wilibala imodzi monga munalangizira, ndipo titayeza tinapeza kuti fumbi ndi miyala pamodzi zinalemera kuposa malasha enieni amene anatsala. Abwana anaimirira pomwepo akuyang'ana milu itatuyo, ndipo lamulo la theka ndi theka linatha popanda ine kulankhula zambiri. Kwa masiku anayi tsopano tikusonkha malasha abwino ndi zosefedwa zotoledwa, tinayamba ndi gawo limodzi pa 10 ndipo lero tafika pa magawo awiri, zitsononkho tazisiya kaye, ndipo nthunzi ikukhala pakati pa 7.5 ndi 8 bar. Zibuma zikupangikabe koma ndi zazing'ono ndipo zikuphwanyika ndi fosholo. Anyamata ndawakaniza fumbi lija, ngakhale mmodzi sanakondwe nazo, ndipo mulu wa panja taumwaza kuti ufike m'mawondo, chifukwa chitsulo chimene tinazika chinatuluka chofunda. Zokayezetsa zanyamuka dzulo. Sabata yamawa tidzayesa kubwezera zitsononkho pakhomo la ng'anjo monga bambo a ku Blantyre ananenera, mankhusu a mpunga tisanawakhudze. Chimene chandidetsa nkhawa tsopano ndi chumuni, chifukwa nditakwera kukachiona ndapeza kuti mamita awiri akumwamba ayamba kusupuka dzimbiri m'mapale, ndipo ndikufuna kumva kwa a injiniya ngati kuchikuta kunja kuti utsi usamazizire msanga kungathandize, kapena ngati chigawo chimenecho chiyenera kudulidwa n'kuwotchereredwa china.